Nyanja ya m'beseni

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anadziwa kunena kuti "ku Joni" asanadziwe kupempha madzi. Bambo ake anachoka ine ndili ndi pakati, kupita kumigodi monga ankachitira amuna ambiri a kwathu kuno kufupi ndi Mphunzi. Mwanayo atayamba kugwira mawu, tinali ndi kamasewera kathu. Ndinkamukhazika pamwendo n'kumufunsa kuti, "Ababa ali kuti?" Iye ankaloza kuseri kwa phiri ndi kachala kake n'kukuwa kuti, "Ku Joni!" Amayi anga ankaseka mpaka kupukuta misozi. Odutsa m'njira nawo anazolowera, aliyense ankaima n'kumufunsa, iye n'kumayankha chimodzimodzi, ena kumupatsa kachidutswa ka nzimbe.

Bambo akewo anabwera titangomaliza kukolola, chisanu chikuyamba. Ine ndinkadikira munthu amene ndinamuperekeza, wamapewa otambalala, woti akanyamula thumba la kachewere amayenda akuimba mluzu. Amene anatsika pa ngolo tsiku limenelo anali wina. Jekete inkaoneka ngati yapachikidwa pa mtengo. Asanapereke n'komwe moni anayamba watsokomola, atagwira ngolo ndi dzanja limodzi.

Bokosi lake lachitsulo analola kuti anthu anyamule. Koma panali chigubu china chimene anachikumbatira yekha, osalola aliyense kuchikhudza. Amalume anga, amene sakhalira kuseleula, anati, "Akamwini, umenewo ndiye mowa wa azungu uja? Tsegulani tilaweko, ife a kachasu tidziwe kumene tinalakwira."

Iye anati, "Lawani, amalume," n'kuwathirira pang'ono m'dzanja.

Amalume anapsontha, nkhope yonse n'kukwinyika, n'kulavula kutali. "Aka! Mwayenda mtunda wonsewu kutibweretsera msuzi wopanda ndiwo?"

Anthu anaseka. Mwana wanga yekha ndiye sanaseke. Anali kumbuyo kwanga atagwira chitenje changa ndi manja onse awiri. Ndinamukokera kutsogolo n'kumuuza kuti, "Awa ndi ababa ako. Pita ukawalonjere."

Anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kupukusa mutu. "Ayi. Ababa ali ku Joni."

Anthu anasekanso, bambo akenso anaseka nawo, koma ine ndinaona mmene dzanja limene anatambasula linabwererera pang'onopang'ono m'thumba la jekete. Anamubweretsera kadiresi kofiira ndi tinsapato. Mwanayo anazilandira kudzera m'manja mwanga. Kuchokera kwa iye anakana. Ndipo popeza anamva anthu akunena kuti kwathu kwabwera alendo, naye anayamba kumutchula kuti "alendo".

Mawa lake mwamuna wanga anandiuza za ulendo wake. Anagwira ntchito pansi, pobowola mwala, mpaka chifuwa chitayamba, akuluakulu a kumeneko anamuuza kuti apite. Anachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndiye anatsikira ku Debeni, kugombe la nyanja yamchere, n'kupeza ntchito pamalo pamene ankadulapo anangumi, zinyama za m'nyanja zazikulu kuposa nyumba yathu. Atanena zimenezi anatulutsa m'bokosi sokosi yakale yonyowa. M'katimo munali mwala waukulu ngati bango, wobiriwira mbali imodzi, ndipo pamwalapo panamatirira tinkhono tating'onoting'ono totuwa, tofanana ndi nandolo.

Ndinati, "Bambo a mwana, tinkhono iti tafa."

Anati, "Sitinafe. Tatseka zitseko. Ndipatse beseni lija loyera."

Anaika mwalawo m'mphepete mwa beseni, n'kuthira madzi a m'chigubu, kenako n'kupendeketsa beseni kuti madzi angofika pamwala n'kubwerera, angofika n'kubwerera. Tinadikira. Ine ndinali nditayamba kuganiza za nkhuni zanga pamene kankhono kamodzi kanagwedezeka, n'kutulutsa tinyanga tiwiri tooneka ngati tsitsi, n'kuyamba kuyenda.

Ndinamufunsa chifukwa chimene anasenzera madzi njira yonseyo, anzake akubweretsa mawailesi ndi njinga. Anati, "Ndinaona kuti ndikamuuza mwana za nyanja ndi pakamwa, aziti ababa ndi abodza. Ndiye ndangomutapirako."

Anandiphunzitsa kasamalidwe kake, ndipo mpaka lero ndikhoza kuphunzitsa wina. Anati nyanja yamchere sikhala malo amodzi ngati madzi a padambo. Imakwera n'kumiza matanthwe, kenako imabwerera n'kuwasiya poyera, kawiri tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu imakwera kwambiri. Tinkhonoti timakhala pamwamba penipeni, pamene pamangofika malovu a mafunde. Ukatimiza tsiku lonse tivutika, ukatiumitsa titseka zitseko n'kudikira. Choncho mmawa beseni linkapendekera kumwala, titatsamiritsa ndi chitsononkho, ndipo ndikamaliza kusesa linkabwerera. Dzuwa likapendeka, chimodzimodzinso. Linkakhala pakhonde, pamene dzuwa limafika pang'ono, kuti ndere za pamwala zisafe, chifukwa nderezo ndiye chakudya chake. Anakanda ndi msomali m'kati mwa beseni pamene madzi amalekezera. Anati madzi akatsika ndi dzuwa, mchere sutsika nawo, ndiye ndizingodonthezamo a pachitsime pang'ono pokha kufika pachizindikirocho. A m'chigubu anali osinthira akada, ndipo tinkawasunga ngati mafuta a nyale.

Mwamuna wanga sankatha kulima, ngakhale kuwaza nkhuni. Ndinapita naye kuchipatala cha kumishoni. Asisitere anamumvetsera pachifuwa n'kunditengera pambali. Anati fumbi la mwala likalowa m'mapapo silituluka, ndizimupatsa mankhwala ochepetsa ululu, akhale ndi kapu yakeyake. Tinanyamuka kubwerera kwathu. Titafika pamtsinje anapuma pamwala n'kunena kuti, "Make mwana, ine sindikupempha zambiri. Angonditchula kuti ababa kamodzi kokha."

Kuyambira pamenepo ntchito yake inali ya beseni. Ankakhala pampando pakhonde atafunda bulangeti, n'kumalankhula ndi tinkhono take. Iye sankamuitana mwanayo ayi. Ankangoti, "Iwe waulesi, anzako adzuka kale. Ukudikira ndani, apongozi ako?" Mwana wanga poyamba ankasuzumira ali kuseri kwa nkhokwe. Kenako anasendera pamtondo. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinamupeza atanjuta tsidya lina la beseni, chibwano chili pamaondo.

"Alendo, zadzuka?"

"Zadzuka, mayi. Koma uyo wakana, akuti kunja kukuzizira."

"Mumufunditse."

"Bulangeti lake analisiya ku Debeni."

Ndinalowa m'nyumba mwakachetechete kuti ndisawasokoneze. Amayi anga ankadandaula kuti mwana asamayandikire chifuwa chimenecho. Ndinawauza kuti pakati pawo pali beseni, ndipo ali panja pamphepo. Anandiyang'ana n'kungoti, "Mwana ndi wako."

Nkhani za nyanja ndinazimvera pamenepo, ndikusankha nyemba kapena kusenda kachewere. Ankati thanthwe la kugombe lili ngati phiri lathu lino, pamene mapaini ali ndi malo awo, tsekera ali ndi malo ake. Pamwamba pali tinkhonoti. M'munsi mwake muli zigoba zakuda zothithikana ngati chimanga pachitsononkho, zimene zimayasama madzi akabwera. M'maenje mmene madzi amatsalira muli nkhanu, tinsomba tamawangamawanga, ndi chinyama china chopanda fupa, cha mikono isanu ndi itatu, chimene chimasintha khungu kufanana ndi mwala umene chakhalapo. Ankatinso m'nyengo yozizira ngati imeneyo kumabwera tinsomba tambirimbiri mpaka madzi kuda, mbalame n'kumagwa kuchokera kumwamba ngati matalala, zinsomba zazikulu n'kumadya kuchokera pansi, anthu n'kumatapa ndi madengu, ena ndi masiketi. Chilichonse kumeneko chimadya chinzake, koma palibe chimene chimatha, chifukwa madzi amabweretsa zina.

Za anangumi sankakonda kunena mwana ali pafupi. Anandiuza ndili ndekha kuti nangumi si nsomba, amapuma mpweya ngati ife, amabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Anati tsiku lina anakoka wamkazi, ndipo mpeni utadutsa pamimba panatuluka mkaka, wolimba ngati phala, n'kuyenderera pansi mpaka kunsapato zake. Anati anaima n'kumaganiza kuti kwinakwake m'madzimo muli mwana amene akuzungulirazungulira. Sipanapite nthawi anakatenga katundu wake.

Chimene mwana wanga anachikonda kwambiri chinali duwa. Bambo ake anati m'maenje a m'matanthwe muli maluwa amene si maluwa, ndi nyama, ndipo ukaikamo chala amatseka n'kuchiyamwa. Mwanayo anati, "Bodza!"

"Bodza? Taona." Anatambasula dzanja lake pamwamba pa beseni, zala zili m'mwamba, akuzigwedeza pang'onopang'ono ngati zili m'madzi. "Ili ndi duwa. Munthu wolimba mtima aikemo chala."

Mwanayo anayang'ana ine, anayang'ana dzanja, n'kusendeza kachala kake. Katangokhudza pakati, zala zija zinati gwi! Anakuwa, anaseka mpaka kugwa chagada, n'kudzuka akuti, "Kachiwiri! Kachiwiri!" Aka kanali koyamba kuti khungu lake likhudze la bambo ake. Mwamuna wanga sanandiyang'ane, koma ndinaona kuti bulangeti likunjenjemera pamapewa. Madzulo amenewo anadya bwino. Ine mumtima ndinati, tatsala pang'ono. Ndinkamunong'oneza mwanayo pomusambitsa kuti alendo aja ndi ababa ake, iye n'kumangoseka, kuganiza kuti ndi masewera atsopano.

Kenako mapazi a mwamuna wanga anayamba kutupa, ndipo mbiri inafika kwawo, cha ku Kasina. Kunabwera alamu anga, achemwali ake aakulu, amene anamulera amayi awo atamwalira. Sanali munthu woipa. Atamuona anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati maliro achitika kale. Atapukuta misozi anamuyang'ana mapazi, anamvetsera chifuwa, n'kutembenukira kwa ine.

"Mlamu, ndiwo amathira mchere ndani pano?"

Ndinati, "Ndine, alamu."

"Hmm."

Mawu amenewo mkazi aliyense wa kuno amawadziwa. Makolo amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Munthu amatsokomola, amatupa mapazi, amawonda mpaka kufa. Umenewo ndiwo mdulo. Chonsecho ine ndinagona ndi mwana wanga yekha zaka zonsezo.

Mwamuna wanga anati, "Achemwali, musamunyoze mkazi wanga. Fumbi limene likundipha ndinalimeza ndekha, ndikuliona ndi maso."

"Iwe khala chete, wodwala sadziwa chomudwalitsa. Ine sindinatchule munthu. Ndangoti kuyambira lero mchere usayandikire. Nanga ichi n'chiyani?" Analoza beseni.

"Ndi nyanja ya mwana."

Alamu anaviika chala n'kulawa. "Mayo! Mchere m'ndiwo, mcherenso pakhomo penipeni pamene ukhalapo tsiku lonse! Anthu inu mukufuna kumumaliza?"

Anatenga ntchito yophikira mchimwene wawo, ndiwo zopanda mchere, n'kubisa kachitini kanga ka mchere kudenga. Ine sindinalimbane nawo. Ndinati akaona masiku angapo adzazolowera. Ankandiona mmawa ndikupendeketsa beseni, ankandionanso ndikudonthezamo madzi a pachitsime.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti amayi onse tikaphunzire nyimbo ndi magule a chipani kubwalo la sukulu. Masiku amenewo sunkati ndili ndi wodwala. Ndinabereka mwana, amayi anganso ananyamuka, tinapita mmamawa. Tinavina mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwerera, ndili patali, ndinaona beseni likuwala. Linali lokwechedwa ndi mchenga, lodzaza mpaka pakamwa ndi madzi oyera mbee. Mwala unali pakati, pansi pa madzi, nawonso atautsuka, ndere zonse zitachoka. Tinkhono tinali titagwa pamwalapo, tili mbwee pansi.

Alamu anatuluka akupukuta manja. "Ndataya madzi oipa aja, a m'chigubu omwe, ndakathira kudzala. Koma tizilombo take ndamusungira, ndikudziwa amatikonda. Ndatithirira madzi abwino a pachitsime, odzaza, osati tomwe mumatimana inu tija. Timwe tikhute."

Ankayembekeza kuti ndiwathokoza. Mwamuna wanga anali m'nyumba, mankhwala atamugoneka kuyambira mmawa. Ndinakwera pamtondo, n'kutsitsa kachitini ka mchere kudenga iwo akuona, n'kusungunula m'mbale. Ndinamudzutsa. Anatuluka akugwira khoma, anayang'ana beseni nthawi yaitali, n'kukhala pansi. Anaviika chala m'mbale ija n'kuti, "Onjezera." Ndinaonjezera. Analawanso n'kuti, "Basi. Si yeniyeni, koma tiyese."

Tinatola tinkhono kamodzikamodzi. Tambiri zitseko zinali zitatseguka, tinyama totuwa tili lende, totupa. Tiwiri tokha tinali titatsekabe. Tinatiika pamwala wopanda ndere uja, ine n'kumapendeketsa beseni mmawa ndi madzulo monga kale. Alamu ataona nkhope ya mchimwene wawo anasiya kulankhula za mchere. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi madzi oyera amapha chinthu?"

Mwana ankabwera mmawa uliwonse. "Alendo, zadzuka?"

"Zagona, mayi."

"Mudzidzutse."

"Zatopa ndi ulendo."

Kenako beseni linayamba kununkha, ndipo ndinakataya madziwo kuseri. Mwanayo anabweranso kangapo, n'kupeza palibe choona. Anabwerera kukasewera ndi anzake kumtondo. Mwamuna wanga ankakhalabe pampando paja, akumuyang'ana chapatali.

Atafooka kwambiri, abale ake anabweretsa ngolo kuti akamwalirire kwawo, monga mwa mwambo. Anayala mphasa ndi mabulangeti m'ngolomo. Asanamukweze anapempha kuti ndimubweretse mwana. Ndinamuimika patsogolo pake atavala kadiresi kofiira kaja. Ndinafuna kulankhula, koma iye anandiletsa ndi dzanja, n'kufunsa yekha, ndi mawu amene anali atatsala ngati mphepo.

"Mayi, tandiuza. Ababa ali kuti?"

Mwanayo anasangalala kuti alendo nawo akudziwa masewera ake. Analoza kuseri kwa phiri n'kukuwa kuti, "Ku Joni!"

Ndinagwada n'kumugwira mapewa. "Ayi, mwanawe, tayang'ana bwino, awa ndi…"

"Musiye, make mwana," anatero. "Wakhoza. Amene akumudikirayo ndi wamphamvu, amanyamula thumba akuimba mluzu. Musiye akhale ndi ameneyo."

Anatambasula dzanja, zala m'mwamba. Mwanayo anaikamo chala n'kudikira kuti akuwe. Zala zinayesa kutseka, n'kungomukhudza pang'ono. Anati, "Duwa latopa." Bambo ake anati, "Latopa, mayi." Anamukweza m'ngolo. Ine ndinamusiya mwanayo ndi amayi anga, n'kutsatira ngolo wapansi.

Anamwalira mvula isanayambe. Pamaliro ena ankanong'onezana za mchere, ena ayi. Alamu anga ndiwo anandifunditsa nsalu yawo pamene ndinkanjenjemera kumanda, ndipo mpaka lero akabwera amabweretsera mwana chinangwa. Za beseni sitinakambiranepo.

Tizigoba tija ndinatitsuka n'kutiika m'kachitini ka machesi pamodzi ndi kachidutswa ka mwala uja. Mwana wanga tsopano wayamba sukulu. Ndamuuza kangapo konse, modekha, kuti bambo ake anabwera, anakhala nafe nyengo imodzi yozizira, ndipo anagona ku Kasina. Amavomera ndi mutu ngati mmene amavomerera ndikamuuza kuti mankhwala sawawa. Aphunzitsi ake anandiuza kuti tsiku lina anawatsutsa m'kalasi, atanena kuti nangumi ndi nsomba. Atamufunsa amene anamuuza, anati anamva alendo ena akuuza amayi ake.

Mwezi wathawu ndinamupeza pakhonde atatenga beseni loyera lija. Anathiramo madzi pang'ono, anaika tizigoba m'mphepete, n'kutsamiritsa ndi chitsononkho. Ankalipendeketsa bwinobwino, madzi n'kumangofika n'kubwerera, osamiza. Palibe anamukumbutsa. Ndinaima ndi mtolo wanga wa nkhuni pamutu, osatha kuutula.

Anati, "Amayi, musataye izi."

Ndinati, "Sinditaya."

"Ababa akabwera ku Joni ndidzawaonetsa. Ndidzawauza kuti anandipatsa ndi alendo aja odwala aja."